"Kupatsa n'kuika": kuika pati, ndipo akatenge ndani?

Wa ku Turffontein:
Akuluakulu, ndithandizeni mwambi uwu. Timati kupatsa n'kuika. Kuika kwake n'kotani?

Chaka chatha mu June ndinatola mnyamata pa siteshoni ya Park Station kuno ku Joni. Anali atatsika basi ya ku Blantyre ndi kachikwama kamodzi, foni ya mbale wake womuchingamira yosapezeka. Chisanu cha June kuno mukuchidziwa, iye ali m'malaya a manja aafupi, milomo itatuwa. Ndinamutenga. Anagona pansi m'chipinda mwathu miyezi itatu, atafunda bulangete la ana, mpaka ndinamupezera ganyu yosamalira maluwa ku Randburg. Pano zake zikuyenda. Lamulungu lapitali takumana pokwerera taxi pa Bree, wandiona bwinobwino, n'kuweramira pa foni. Ngakhale moni. Nditadandaula kunyumba, amayi a ana anangoti, "Kupatsa n'kuika, bambo." Nanga ngati ndinaika, bwanji pamene ndinaikapo palibe kanthu?

Mlongo wa ku Ntcheu:
Achimwene, kwathu timati kupatsa n'kuikiza. Kuikiza ndi kuja agogo ankatenga nkhuku ziwiri kukasungitsa kwa mbale wa mudzi wina, kuti chitopa chikagwa kuno mbewu isathe. Mbuzinso chimodzimodzi, ikaswa wosungayo amapatsidwako kamwana. Ndiye woikiza amabwerera ndithu kukatenga. Inu simukulakwa kudandaula, mwana ameneyo ndi wosayamika basi.

Wa pa Mayfair:
Kuika komwe ndimakudziwa ine ndi kwa maliro. Munaika, munafotsera, mwambo watha. Kodi kumanda amabwererako ndi khasu?

Mlongo wa ku Ntcheu:
Inu mwayambapo zanu zija.

Madala a ku Dedza:
Musamudzudzule, mwa nthabwala zakezo wakhudza penipeni. Mwambiwu sutchula amene adzakubwezereni. Ukanakhala wa ngongole akanati kupatsa n'kukongoza, mawuwo analipo.

Bambo anga anabwera kuno pa Wenela, bungwe lija linkalemba anthu ntchito, kudzagwira ntchito ya m'migodi. Ankasimba kuti usiku wawo woyamba mu komboni anagona akunjenjemera, ndipo amene anawaponyera chofunda anali Mshangani wa ku Mozambique, munthu amene sankamvana naye ngakhale chilankhulo. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu 1974, n'kupha anzathu ambiri amene ankabwerera kumudzi, Kamuzu analetsa zolemba anthu a m'migodi, bambo n'kubwerera. Mshanganiyo sanamuonenso, dzina lake lenileni sanalidziwe n'komwe. Patapita zaka zoposa khumi, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula, anthu anayamba kuwoloka malire kudzadzaza kwathu ku Dedza ndi ku Ntcheu. Banja lina linafika pakhomo pathu madzulo, mayi atasenza mphika, ana atatu pambuyo. Bambo anawadulira munda kumunsi kwa dimba, ife ana tikunyinyirika chifukwa ufa unali wochepa. Anangoti, "Ndikubweza bulangete." Banjalo silinali la Mshangani uja, linali la cha ku Angonia, kufupi ndi kwathu komweko.

Wopatsa uja mwina anamwalira akuganiza kuti chofunda chake chinapita pachabe.

Amayi a chigwirizano:
Nkhani yokoma madala, koma tisanamizane, miyambi yathu yambiri ili ndi diso la mawa. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, chifukwa mawa adzazima zako. Kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Makolo ankakhala mudzi umodzi moyo wonse, wopatsidwa sakanathawira kulikonse, mumakumana pachitsime ndi pamaliro. Kuno ku Joni munthu amasintha nambala, wasowa. Zochitira munthu amene sangakubwezere ine ndinazimva pa Luka 14, poti ukakonza phwando uitane osauka ndi olumala. Mwambi wathuwu tikuukoka kuti ufike pamenepo, koma sindikhulupirira kuti eni ake ankatanthauza zimenezo.

Ndipo bambo a ku Turffontein, inu marandi simukuwafuna. Chakuwawani ndi moni.

Madala a ku Dedza:
Mayi, nanga mlendo wongodutsa uja ankamuphera nkhuku, naye ankakumana naye pachitsime? Paja amati mlendo ndi mame, dzuwa likatuluka wapita. Komatu ankadya ntchafu.

Wa pa Mayfair:
Penanso ndi manyazi. Munthu amene anakuona ukusamba ndi sopo wa ana ake, ena amalephera kumuyang'ana m'maso. Ine ndinazembapo amalume ena chaka chathunthu pa chifukwa chomwechi.

Wa ku Turffontein:
Amayi mwandigwira, moniwo ndimaufunadi, ndisaname. Za kuika ndi kuikiza sindinakhutirebe, ndiwaimbira amalume kumudzi ndimve mmene amanenera iwo. Koma nkhaniyi ndawawerengera amayi a ana, angoseka n'kundiuza kuti Loweruka kukufika mwana wa mnzawo wa ku Mangochi, alibe pofikira. Bulangete lija achapa kale, lili pachingwe.