Ndithandizeni: disiki yakale ndi DVD sizikuoneka zikakhala pa chingwe chimodzi, komanso disiki ya 3 TB yachepa

Wofunsa:
Moni nonse a pagulu lino. Ndili ndi kompyuta ya padesiki yakalekale, yomwe motherboard yake ili ndi mapoti anayi a SATA (polumikizira madisiki amakono) ndi poti imodzi yokha ya IDE (polumikizira madisiki akale). Windows 10 ili pa disiki ya SATA ya 500 GB, ndipo zonse zinkayenda bwino mpaka sabata yatha, pamene ndinawonjezera zinthu ziwiri tsiku limodzi.

Choyamba ndi disiki yakale ya IDE ya 160 GB yomwe muli zithunzi za banja. Popeza poti ya IDE ndi imodzi, ndinailumikiza pa chingwe chomwecho chomwe pali DVD, chija chophwatalala chokhala ndi mitu itatu. Kuyambira pamenepo, kompyuta ikayatsidwa imaima kaye nthawi yaitali, kenako BIOS (pulogalamu ya pa motherboard yomwe imayamba kompyuta ikangoyatsidwa) sionetsa disikiyo kapena DVD, chikhalirecho ndikachotsa chimodzi chinzakecho chimaoneka bwinobwino. Chachiwiri ndi disiki yatsopano ya SATA ya 3 TB, yomwe Windows yandilola kugwiritsa ntchito 2048 GB yokha, pamene 746 GB yotsalayo ikungooneka yakuda mu Disk Management ndipo ikukana kukhudzidwa. Kodi ndagula disiki yowonongeka? Ndaonanso mu BIOS kuti SATA ili pa IDE mode, ndiye ndikuganiza zoisintha kuti ikhale pa AHCI (njira yatsopano yoyendetsera madisiki a SATA), mwina vuto lagona pamenepo.

Yankho 1:
Achimwene, za AHCI muzisiye kaye, chifukwa sizikukhudzana ndi mavuto anu awiriwo, ndipo mukasintha Windows italowetsedwa kale pa IDE mode, nthawi zambiri kompyuta imakana kudzuka ndi kukuonetsani sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE.

Vuto la chingwelo lili pa majampa, timapulasitiki tating'ono tosankhira udindo wa chipangizo pa chingwe. Zipangizo ziwiri zikamagawana chingwe cha IDE, chimodzi chiyenera kukhala master ndipo china slave, ndipo ndikukhulupirira kuti zanuzo zonse zili pa master, popeza chilichonse chinkakhala chokha pa chingwe chake. Zimitsani kompyuta, zulani chingwe cha magetsi, kenako yang'anani kumbuyo kwa disikiyo, pakati pa polowa chingwe chophwatalalacho ndi polowa magetsi. Mupeza timapini tingapo, ndipo awiri mwa iwo avundikiridwa ndi kapulasitiki kakang'ono kwambiri. Chithunzi chosonyeza poika kapulasitikiko chimakhala pa chomata cha pamwamba pa disiki, pamene pa DVD zilembo za MA, SL ndi CS zimakhala zodindidwa pafupi ndi timapinito. Disiki ikhale pa master, DVD pa slave. Muwerenge chomatacho mosamala, chifukwa madisiki ena amasiyanitsa master yokhala yokha ndi master yokhala ndi slave. Kapulasitikiko muzikachotsa ndi kopanira kakang'ono, chifukwa kakagwera pansi mungakafune tsiku lonse.

Yankho 2:
Ndingowonjezerapo za chingwecho. Ngati chili cha mawaya 80, mitu yake imakhala ya mitundu itatu: wabuluu umapita ku motherboard, wakuda wa kumapeto ndi wa master, ndipo wotuwa wa pakati ndi wa slave. Mukhozanso kuika zonse ziwiri pa CS kuti malo a pa chingwe ndiwo asankhe, koma ine pa makina akale ndimakhulupirira kwambiri kuika majampa ndekha. Ngati chingwe chanu ndi cha mawaya 40, chomwe nthawi zambiri chinkabwera ndi ma DVD, disikiyo sidzapitirira liwiro la 33 MB pa sekondi.

Yankho 3:
Disiki ya 3 TB ija ilibe vuto lililonse, bambo. Pamene Windows inakufunsani kuti musankhe pakati pa MBR ndi GPT, njira ziwiri zogawira disiki m'magawo, munasankha MBR, yomwe siitha kuwerenga malo opitirira 2 TB pa disiki ya mtundu umenewu. Mu Disk Management mufufute gawo lomwe munapanga lija, kenako mudine ndi batani lakumanja pa dzina la disikiyo, osati pa gawo lake, ndi kusankha Convert to GPT Disk. Mukatero muona malo okwana pafupifupi 2794 GB. Musadandaule kuti motherboard yanu ilibe UEFI (BIOS yamakono), chifukwa imeneyo imafunika pokhapokha ngati mukufuna kuti Windows izidzukira pa disiki ya GPT, pamene yanuyi ndi yosungiramo zinthu chabe. Dziwani kuti kufufuta gawolo kuchotsa zonse zomwe mwaikamo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Zinalidi choncho, majampa onse awiri anali pa master, ndipo tsopano BIOS ikuona zonse. Kompyuta inayesa kudzukira pa disiki yakaleyo, koma ndakonza mndandanda wa boot kuti ya 500 GB ikhale yoyamba. Chandivuta ndi chakuti ndinali nditakopera kale mafayilo okwana 300 GB pa disiki yatsopanoyo, ndipo pa ya 500 GB patsala malo a 210 GB okha.

Yankho 3:
Mukamaliza kukopera zithunzi zija ku disiki ya 500 GB ndi kutsimikiza kuti zikutseguka, yerekezani ngati malo otsala pa disiki ya 500 GB ndi ya 160 GB akukwana 300 GB. Akaperewera, bwerekani disiki ya USB kwa tsiku limodzi, ndipo musafufute gawolo musanatsegule mafayilo angapo pomwe mwawasamutsirapo.