Kodi kufuna kusiya ntchito n'kusayamika Mulungu?

Nachisale_Matawale:
Abale, ndithandizeni maganizo. Ndimalemba za ndalama pa shopu ina ya zipangizo zomangira m'tauni ya Zomba muno. Nditamaliza ku Chanco ndinakhala nthawi yaitali ndikungoponya makalata, ndiye ntchitoyi itapezeka ndinakaima kutsogolo kutchalitchi, envulopu ya chithokozo ili m'manja, amayi a Mvano akululutira.

Panopa mtima unachokapo. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro anga sanasunthe, koma lendi yakwera, makala osanena. Malipirowonso amabwera mwezi wina uli pakati. Amandidula za penshoni, koma sindinaonepo pepala losonyeza komwe zikupita. Ndikawauza mayi anga ku Jali amangoti, "Mwanawe, Mulungu wakupatsa, iwe ukufuna um'bwezere? Anzako akungozungulira ndi mapepala." Mpaka popemphera ndimachita manyazi kutchula za ntchito ina. Kodi ndikuchimwa?

Mkulu wa mpingo, Chinamwali:
Mwanangu, sukuchimwa. Chithokozo chija unapereka kwa Mulungu, silinali lumbiro kwa mwini shopu. Werenga Genesis 31. Yakobo anatumikira Labani zaka 20, malipiro ake akusinthidwa kakhumi, ndipo amene anamuuza kuti anyamuke abwerere kwawo ndi Mulungu yemweyo amene anamudalitsa kumeneko. Kalata ya Yakobo 5:4 imatinso malipiro obisidwa a antchito amafuula mpaka Ambuye amamva. Ndimeyi sitiimva kawirikawiri pa guwa. Timalimbikira kuuza achinyamata kuti adziyamika m'zonse, pamene olemba ntchito timawanyengerera chifukwa ndi amene amagula malata a tchalitchi, ndipo zimandiwawa.

Mayi akowo usawanyoze. Akuopa kukuona utabwerera kumudzi chimanjamanja, basi.

Mlongo_wa_ku_Sadzi:
Achemwali, ine ndinasiya ntchito ya pa loji ina mtima uli m'mwamba, ndikuti Yehova apereka. Anaperekadi, koma nditagulitsa kale bedi ndi foni. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Funafunani mwakachetechete, musatule pansi musanagwire kalata ya kwinako, ndipo mupereke notisi ya mwezi umodzi monga lamulo limanenera kwa olandira pamwezi.

Za penshoni zokhazo musazisiyire pemphero. Inu mumadulidwa 5 peresenti, bwana amayenera kuikapo 10 peresenti, ndipo zonsezo zizipita ku kampani yosunga penshoni. Funsani dzina la kampaniyo ndi nambala yanu. Akamazemba, pitani ku ofesi ya zantchito ya boma, mutatenga mapepala a malipiro.

Wa ku Songani:
Ine ndine Msilamu, koma nkhaniyi ndi yathu tonse. Timanena Alhamdulillah pa chochepa ndi pa chambiri, komabe riziki, kutanthauza zonse zimene timapeza kuti tikhale ndi moyo, limachokera kwa Allah, bwana ndi njira chabe. Tinaphunzitsidwanso kuti wantchito alipidwe thukuta lake lisanaume. Ndisanachoke pa garaja pomwe ndinaphunzirira ntchito ndinaswali istikhara, pemphero lopempha Allah kuti andiongolere posankha, kenako ndinakatsanzika bwinobwino ndi kuthokoza. Mpaka lero amanditumizira makasitomala.

Nachisale_Matawale:
Zikomo nonse. Bambo, chaputalacho ndikawawerengera mayi Loweruka ndikapita kumudzi. Achemwali a ku Sadzi, ife sitipatsidwa mapepala a malipiro, timangosaina m'kope la bwana. Kodi ndikajambula tsambalo pa foni, ku ofesiko akalandira?