Ndalama tasonkha zija: buloko ya makalasi kapena nyumba ya aphunzitsi?

Mlembi, Lilongwe: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndalama zomwe takhala tikusonkha zafika poti tiyambe ntchito pa pulaimale yathu ya kumudzi. A komiti ya sukulu apempha zinthu ziwiri, buloko ya makalasi awiri kapena nyumba ya aphunzitsi. Zonse pakamodzi sitingakwanitse. Tiyankhulepo Loweruka lisanafike.

Achimwene a ku Johannesburg: Kwa ine ndi makalasi basi. Chithunzi chomwe munatumiza chija mwachionetsetsa? Ana a Sitandade 1 ndi 2 athithikana pansi pa mkuyu, bolodi ataitsamiritsa pa tsinde. Kukangochita mdima wa mvula, aweruka. Ndiye kuzizira kwa ku Dedza mu June mukukudziwa nonse. Mwana wa zaka 6 angagwire bwanji pensulo manja ali gwa?

Aphunzitsi opuma, kumudzi: Mphwanga, zimene wanenazo n'zoona, koma ndilole ndiyankhule monga munthu amene wagwira choko mpaka kupuma. Ana oyamba sukulu sitinasowepo. Kuchokera mu 1994, pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulaimale, Sitandade 1 imasefukira chaka ndi chaka. M'dziko lonse chiwerengero chinachoka pa ana pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Koma pita ukasuzumire mu Sitandade 7 ndi 8 kwathu kuno. Madesiki ena ali okhaokha. Anawo akutayika pakati apa, makamaka akafika Sitandade 5 pomwe Chingerezi chimalimba. Mwana amene anadutsa Sitandade 3 asanadziwe kuwerenga amabwereza kalasi, kubwerezanso, kenako waona kuti wakula, wapita ku ganyu ya kachewere.

Nanga n'chifukwa chiyani sakudziwa kuwerenga? Aphunzitsi athu ambiri amachita lendi pa tiledingi. Amapalasa njinga m'mawa uliwonse, ndipo mtsinje ukadzadza sawoloka. Amene wawoloka amafika atanyowa mpaka m'mawondo, piriyodi yoyamba yadutsa kale. Mphunzitsi wachitsikana wochokera ku TTC, sukulu yophunzitsa aphunzitsi, akangoona kuti palibe pogona, mwezi sutha ali kwa a PEA, mlangizi wa sukulu za pulaimale m'dera lino, kupempha kusamuka. Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60. Ife tingafikeko bwanji pamene ngakhale otumizidwawo sakhala?

Achimwene a ku Johannesburg: Ndakumvani bambo, munandiphunzitsa ndinu, sindingakutsutseni mwachisawawa. Koma nyumba imodzi isunga mphunzitsi mmodzi. Buloko ithandiza ana ochuluka tsiku lomwelo.

Aphunzitsi opuma, kumudzi: Tikamanga yamakomo awiri isunga aphunzitsi awiri. Ndipo mphunzitsi wogona pasukulu ndi amene amawerengetsa a Sitandade 8 m'bandakucha ndi madzulo mayeso a MANEB akayandikira. Sukulu za kuno zomwe zikutumiza ana ku masekondale ogonera, kaoneni, mukapeza mzere wa nyumba kuseri kwa ofesi. Ife tikusangalala mwana akasankhidwira ku CDSS, sekondale yoyendera ya m'dera, ndipo zaka zina mayina amachita kuwerengeka ndi zala.

Mayi a Mother Group: Zikomo a mlembi, nane ndiponyepo mawu. Abambo mukukamba za njerwa, koma ife amayi ndi amene timayenda khomo ndi khomo kukatenga ana osiya sukulu. Atsikana akatha msinkhu amajomba masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa palibe chipinda chosinthira, ndipo chimbudzi chawo chilibe chitseko. Mtsikana amauza ine zimenezi, sangauze ahedi aamuna. Tikanakhala ndi mphunzitsi wamkazi wogona pompano, zambiri zikanapepuka. Lamulo lilipo, ukwati ndi zaka 18, ndipo mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera m'kalasi. Inkosi Kachindamoto anaonetsa m'boma lathu lomwe lino kuti maukwati a ana angathetsedwe. Koma wobwererayo akapeza anzake akumuseka, wom'limbitsa mtima palibe, sachedwa kusiyanso. Ndiye ine ndili ku nyumba, pokhapokha khomo limodzi likhale la mphunzitsi wamkazi.

Achemwali a ku Leeds: Nanga phala? January ndi February ana amajomba ndi njala, osati ulesi. Kumene a Mary's Meals amaphika likuni phala makalasi amadzadza.

Mayi a Mother Group: Zoona achemwali, koma zija n'zofunika kalata kudzera ku ofesi ya maphunziro. Zophika ndi nkhuni amayi tili okonzeka.

Msungichuma, Blantyre: Ndikumbutse za mtengo. Tisaganize zoumba njerwa n'kuotcha ngati kale, boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga zake. Akufuna mabuloko a simenti, ndipo simenti mtengo wake sukhazikika. Ndalama ya SIG, imene boma limapereka kuti itukule sukulu, ndi yochepa, imathera choko, makope ndi kukonza madesiki. Maganizo anga ndi akuti ife timange nyumba, popeza ndi imene thumba lathu lingafikitse padenga. Buloko tiitengere kwa a khansala ndi a MP kudzera ku makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera (VDC ndi ADC), ilowe mu CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu. Ndale zimakonda chinthu chooneka kumsewu, makalasi savuta kupempha ngati nyumba.

Achimwene a ku Johannesburg: Ngati zili choncho ndavomera, koma kalata ya buloko ilembedwe sabata ino, tisadikire nyumba ithe. Ndipo ana a pansi pa mkuyu aja tiwagulireko malata ochepa, pakhale kashedi mvula isanayambe. Malatawo ndidzaonjezera ndine.

Wapampando: Zikomo nonse. A mlembi, lembani kuti tagwirizana nyumba yamakomo awiri, limodzi la mphunzitsi wamkazi, ndi chitseko cha chimbudzi cha atsikana mwezi uno. Ine ndikaonana ndi agulupu Lachisanu kuti midzi igawane masiku otuta mchenga ndi kuphwanya miyala. A msungichuma, tipezereni makoteshoni atatu a simenti ndi malata muwaike pano tonse tiwaone. Bambo aphunzitsi, kalata ya kwa a PEA tikudalira inu.

Aphunzitsi opuma, kumudzi: Ndilemba usiku uno, mawa ndipita nayo kwa ahedi akadinde.