Penti ikusweka pa zapachifuwa za asilikali, Lachisanu Loyera layandikira

Bambo a Tadala, Chilomoni: Anzanga ndithandizeni mutu waima apa. Ndili ndi ma set 6 a asilikali a Chiroma a sewero la Njira ya Mtanda, zapachifuwa ndapangira mamati a fomu ya EVA a 10mm olumikizana aja, ndadula ma strip kuti azisanjikizana ngati segmentata, zapachifuwa zachitsulo za Aroma zija, ndamata ndi glue wa kontakiti, mpaka apo zonse bho. Vuto ndi penti. Ndapaka wood glue makoti angapo ngati sealer yotseka fomu ndisanapente, yauma, ndapopera siliva ya m'chitini, kuwala kwake ngati zenizeni, koma mnyamata wangovala nkuwerama kamodzi penti yonse yang'aluka mizeremizere pamimba ndi pamapewa, pena ikuchita kusendeka ndi chikhadabo. Komanso ma joint awiri a pamapewa atseguka okha zitagona m'kasitolo ka malata. Heat gun, kamakina kouzira mpweya wotentha, ndilibe. Ndipale zonse ndiyambirenso kapena pali njira yopulumutsira? Akomiti akundiimbira m'mawa ndi madzulo

Amalume a ku Zomba: Mukanapangira katoni bwenzi pano mukumwa tiyi. Ife tinkapanga asilikali a Pilato ndi makatoni a sopo, phala la kondowole ndi mapepala a simenti, penti siinkasweka. Za fomuzi ndi zofuna mavuto basi.

Mayi a Chisomo, Area 25: Pepani achimwene. Funso langa, glue munasungunula ndi madzi kapena munapaka mmene alili m'botolomo? Ndipo munapaka mbali iti, yosalala kapena ya mabampu ija? Chifukwa wood glue akauma amalimba gwa, fomu pansi ikupindika iye pamwamba sakupindika, nde chimasweka ndi glue yo penti imangotsatira. Makoti okhuthala ndi omwe amapweteka.

Bambo a Tadala, Chilomoni: Mbali yosalala mayi. Glue ndi wa m'botolo momwemo, madzi ayi.

Ras wa ma video, Ndirande: Man nkhani ili pawiri. Fomu yosawamba imamwa chilichonse, tiziboo take timakhala totseguka, ukaiwamba ndi moto pamwamba pamasintha kuoneka ngati ponyezimira pang'ono, apo nde yatsekeka ndipo sealer amakhala bwino. Chachiwiri spray ya m'chitini ambiri aja ndi enamel, anaipangira zitsulo ndi matabwa zomwe sizipindika. Pa chisoti ndi chishango imakhala chifukwa siziwerama, koma pamimba iwalani. Pamenepo acrylic wa bulashi ndi amene amapindika limodzi ndi fomu.

Amalume a ku Zomba: Katoni safuna kuwamba.

Ras wa ma video, Ndirande: Amalume katoni wanuyo mvula ikangowaza? Pasaka kuno imagwa Malichi kapena Epulo mvula isanatheretu. Ine ndinaonapo ndi maso angawa msilikali akufika pa siteshoni yachisanu ndi chinayi chishango chitalendewera m'manja, anthu m'malo molira akuseka kkkkk

Amalume a ku Zomba: Ameneyo sanapake vanishi. Katoni wopaka vanishi mvula siimulowa msanga.

Mayi a Chisomo, Area 25: Koma za mvulazo zikukhudzanso inu a bambo a Tadala. Wood glue wamba akanyowa amabwerera kuyera ndi kunanda. Kunja penti imutchinga koma m'ming'alumo madzi alowa, ndiye mkati thukuta. Anyamata aja amayenda mtunda wautali dzuwa lili pamutu ndipo EVA siipuma, mkati mumakhala chinyezi chokhachokha. Mkatimo musapakemo chilichonse chonde, ndipo avale malaya pansi.

Achimwene a ku Joni: Kuno timangopopera Plasti Dip makoti atatu opyapyala fomu itawambidwa, ndi labala ameneyo amatamuka, penti pamwamba, nkhani yatha. Ngati kumeneko sapezeka yesani waterproofing ya acrylic yomwe amapaka padenga potseka modontha ija, ikauma imatamukanso. Koma muyambe mwayesa pa kachidutswa kotsala, mukapinde pakati kangapo muone, musathamangire pa set yonse.

Bambo a Tadala, Chilomoni: Plasti Dip ndazungulira ma hardware a mu Limbe sindinamuone. Ya padengayo ndiyesa. Nanga glue wakale uja ndimuchotse kaye?

Achimwene a ku Joni: Posendeka pokha pachotseni, nsalu yonyowa ndi madzi ofunda imamufewetsa kenako sandipepa wosalala mwapang'onopang'ono. Thina ayi.

Mayi a Chisomo, Area 25: Eee thina ayi ndithu, petulonso ayi. Wina ku gulu lathu la achinyamata anafuna kufufuta penti pa chisoti ndi petulo, chisoticho nsonga yake inali ya kaylite, tinangoona chikuphwa pamaso pathu mpaka kutsala kamadzi konanda. Kaylite ndi spray ya m'chitini sizigwirizananso, imadyeka pompo. Ngati mitu ya mikondo mwasema ya kaylite muyambe mwaikuta ndi pepala ndi glue musanapopere.

Amalume a ku Zomba: Mwaona, mwabwerera ku pepala ndi phala komwe ndikunena ine.

Aphunzitsi a drama, Mzuzu: Amalume phala la kondowolelo makoswe amalikonda kuposa ife. Kusukulu kwathu tinasunga zisoti za mapepala mu stores teremu imodzi, potsegula tinapeza zingwe zokha ndi manyi a makoswe. Za fomu zija zilipobe mpaka lero. Bambo a Tadala za ma joint otseguka aja palibe wayankha. Kontakiti mumapaka mbali zonse ziwiri, kudikira mpaka asiye kumata chala, mphindi ngati 10 kutengera nyengo, ndiye nkukanikiza. Fomu yodula kumene imamwa koti yoyamba ndiye pakani kawiri. Kumbuyo kwa joint mateni kansalu ka jinzi yakale kopingasa, sikutsegukanso. Ndipo ngati penapake munathandizira ndi glue gun dziwani kuti ameneyo ndi kutentha kwa malata amafewa, musasunge m'kasitolomo kapena kumbuyo kwa minibasi padzuwa.

Ras wa ma video, Ndirande: Heat gun mulibe mwati? Dryer ya ku saluni imathandiza kupinda pang'ono koma kuwamba siifika. Ine magetsi akathima ndimayendetsa fomu pamwamba pa mbaula patali ndithu, osaima pamodzi, ikafewa ndikuikanikiza pabondo kapena pa mpira kuti ipindike.

Mayi a Chisomo, Area 25: Ras musaphunzitse anthu zimenezo chonde. Zidutswa za bambo a Tadala zili kale ndi kontakiti ndi spray, zonsezo ndi zoyaka. Chitini cha kontakiti chotsegula pafupi ndi makala ndi ngozi, mpweya wake wokha umagwira moto. Ndipo si mati aliyense ndi EVA, ma yoga mat ena ndi PVC, ukaotcha utsi wake umawawa m'maso ndi pakhosi, ndi poizoni. Mamati ogula pa kaunjika sudziwa kuti ndi chani.

Ras wa ma video, Ndirande: Ndati patali mayi, komanso panja. Koma zoona zopaka kale asayandikitse.

Aphunzitsi a drama, Mzuzu: Kontakitiyonso muzipakira pakhonde, osati m'chipinda chotseka ana ali momwemo. Mutu umachita kulemera usanazindikire. Timaski tansalu tija fungo limeneli satchinga.

Amalume a ku Zomba: Phala la kondowole silipweteketsa mutu, silipsa, ndipo ufa wa K500 umakwana gulu lonse la Pilato.

Ras wa ma video, Ndirande: Amalume ufa wa K500 munagula liti kkkkk

Mlongo wa kwaya, Dedza: Ine ndingofunsa, ming'aluyo ndi yoipa choncho? Anthu amaonera ali patali, ena kumbuyo kwa chigulu. Sungunulani acrylic wakuda ndi madzi mupake ponse nkupukuta ndi nsalu asanaume, wakudayo atsalira m'ming'alu ndi m'makona, ziziwoneka zida zoti zapita kunkhondo. Msilikali wonyezimira ngati poto watsopano saopsa nkomwe. Chimene ndingaope ine ndi siliva kudetsa. Kwathu chaka china asilikali pomugwira Yesu m'munda muja mkanjo woyera unatuluka ndi mabala a siliva mbali zonse, nsalu yake yobwereka kusakristiya, amayi osamalira zovala sanatilankhule mpaka Pentekoste. Pakani clear, vanishi wopanda mtundu uja, pamwamba ndipo muyese kukhuza ndi nsalu yoyera lisanafike tsikulo.

Achimwene a ku Joni: Clear yakenso ikhale ya madzi, vanishi wa matabwa akuswekerani chimodzimodzi. Njira ina ya chitsulo ndi kupaka wakuda wonyezimira kenako kukhuza ufa wa pensulo ndi nsalu, imatuluka bwino kuposa spray koma ndiyo imadetsa kwambiri ngati simutseka.

Aphunzitsi a drama, Mzuzu: Poti tafika pa za tsikulo, malupanga mwaika chani mkati? Chonde waya kapena chitsulo ayi. Fomu imang'ambika kunsonga chitsulo nkutulukira, ndipo anyamata akavala zimenezi amatengeka, amaiwala kuti ndi sewero. Ife wina anatupa mkono ndi lupanga la thabwa lokuta fomu. Kapaipi kopyapyala ka pulasitiki ka magetsi kaja nkokwanira, kathere patali ndi nsonga kuti kunsongako kukhale fomu yokhayokha. Zikwapunso zikhale za nsalu zoviika mu penti yofiira, osati chingwe cha sisal.

Mayi a Chisomo, Area 25: Ndi malamba musamate ndi glue yekha, velcro imazuka ndi fomu yomwe munthu akapuma mwamphamvu. Sokererani kaye pa nsalu ndiye nsaluyo mumate malo aakulu. Bweretsani kuno ngati mulibe makina, koma Lilongwe ndi kutali kkk

Amalume a ku Zomba: Pa katoni timangoboola nkumanga chingwe.

Mlongo wa kwaya, Dedza: Bambo a Tadala mwayesa ya padenga ija?

Ras wa ma video, Ndirande: Akuoneka sali online kuyambira masana. Achimwene a ku Joni heat gun ya second hand ikupanga zingati kumeneko, ngati pali wobwera pa basi mwezi uno mundiuze ku inbox

Mlongo wa kwaya, Dedza: Inenso mundifunsireko nthenga zofiira za pa chisoti cha kenturiyo, chaka chatha tinaika tsache la pulasitiki linkangogwa