Andisankha kukhala wadeni, ntchito yanga ikuyambira pati?

Abale ndi alongo a mpingo wa Anglican, ndithandizeni. Pa msonkhano wa Vestry (msonkhano wapachaka wa akhristu a patchalitchi) chaka chino andisankha kukhala wadeni, kutanthauza mkhristu woyang'anira tchalitchi chathu ndi katundu wake, mu dayosizi ya Upper Shire. Amene analipo kale anangondipatsa makiyi, buku la chopereka ndi chidindo, basi.

Kutsegula tchalitchi, kuonetsetsa kuti mkate, vinyo ndi makandulo zilipo Misa isanayambe, izi sizikundivuta. Pandithina ndi pa ndalama. Lamulungu lapitali tinawerenga chopereka atatu, koma msungichuma anatenga thumba lonse kupita nalo kunyumba kwake, akuti banki ili kutali. Ndi munthu wokhulupirika, komabe usiku umenewo sindinagone. Kodi zikasowa, bishopu kapena akidikoni (wansembe wamkulu woyang'anira matchalitchi a dera lathu) adzafunsa ndani, iye kapena ine?

Chinanso, bambo wansembe amayendera matchalitchi angapo ndipo kwathu amafika kamodzi pamwezi. Malata akamadontha pamwamba pa guwa, ndingathe kuitana mmisiri ndekha, kapena ndidikire khonsolo ya tchalitchi ikhale pansi?

Inu amene munagwirapo udindowu, kwanuko mumagawana bwanji ntchito ndi mlembi komanso msungichuma? Ngati wina ali ndi malamulo a dayosizi olembedwa, chonde andiuze kumene ndingawapeze.