Chija cha Kéré ku London, ndi chosema kapena nyumba?

wakuchirimba:
Anzanga tandithandizeni. Ndaona zithunzi za Serpentine Pavilion yomwe Francis Kéré, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku Burkina Faso, anamanga ku London mu 2017. Denga lamatabwa lotambalala ngati nthambi, makoma abuluu oboolaboola, pakati pa denga pali chibowo choti mvula ikagwa madzi azitsikira pomwepo. Chandigwira mtima kwabasi koma ndikusowa pochiika, ndi chosema kapena nyumba? Poti munthu sangagonemo.

nankhuni:
Achimwene ine ndimachiona ngati chosema choti umalowamo. Mwiniwakeyo anatengera mtengo wa kwawo ku Gando pomwe anthu amasonkhana, ngati ifeyo pansi pa kachere pamene amfumu amaweruzira milandu, palibe chitseko palibe loko koma aliyense amadziwa kuti apa ndi pabwalo. Za madzizo ndi zomwe zimandikhudza, kwawoko mvula ndi yosowa ndiye munthu anaiika pakatikati kuti aliyense aziiona ikugwa.

mmisiri_wa_ku_area25:
Kukongola sindikukana ayi. Koma mafupa ake ndi achitsulo ndipo pa paki ya Kensington Gardens chinangokhalapo miyezi yochepa basi nkuchichotsa. Ine ntchito ya Kéré yomwe ndimaipatsa ulemu ndi sukulu ya pulayimale ya ku Gando ya 2001. Njerwa zadothi zosaotcha, simenti pang'ono chabe, malata anawakweza m'mwamba kusiya mpata kuti mpweya wotentha uzituluka, ndipo omanga anali anthu a m'mudzi momwemo. Mu 2022 Kéré anapata Pritzker, mphoto yaikulu ya akatswiri ojambula mapulani a nyumba, woyamba wa ku Africa kuno.

nankhuni:
Zoona bambo, koma maganizo ake ndi amodzimodzi, mthunzi, mphepo ndi madzi. Cha ku London chija chinapangitsa kuti anthu ambiri amve za Gando, enafe tinayambira pomwepo.

mayi_atatu:
Musapite kutali. Pa chipatala cha Kasungu pali nyumba zodikirira amayi oyembekezera zomwe zinamangidwa mu 2015 ndi njerwa zadothi zopanikiza ndi makina, makhonde ake otakasuka amayi amakhala pamthunzi nkumacheza. Ine kwathu ku Dowa phiri lonse latha ndi mauvuni a njerwa, mtima umandiwawa ndikamadutsa, pomwe tinkatola masuku pano ndi mbee. Nyumba yanganso malata ali pafupi ndi mutu, Okutobala ana amagona pakhonde.

wakuchirimba:
Zikomo nonse. Bambo a ku Area 25, ndili pa fandeshoni panopa, zokweza malata zija zingatheke pa nyumba ya zipinda zitatu osasasuka ndi mphepo? Ndipo njerwa zimenezi mvula yathuyi sizisungunuka?