Thandizeni abale, universal basic income ndi chani kwenikweni?

Moni nonse pagulu pano. Ine ndili kuno ku Joni chaka chachisanu tsopano, ndimagwira maganyu a m'munda ndi kupenta nyumba. Kuno eni dziko osowa ntchito amalandira kandalama mwezi ndi mwezi, kanayamba nthawi ya Covid mu 2020 kali R350 kenako anakweza kufika R370, ndipo pa wailesi akhala akukangana kuti kakhazikike. Mzanga wina ndi amene anandiuza kuti pali ganizo lalikulu kuposa pamenepa lotchedwa universal basic income, akuti boma limapereka ndalama kwa munthu aliyense, olemera osauka, apantchito ndi malova omwe, osafunsidwa kuti wagulira chani. Zandikhudza chifukwa kumudzi mayi anga akulera adzukulu 4, mwezi umene ine ndadwala kapena ganyu wasowa ndiye kuti poto sakhala pamoto, ndipo ndimagona ndi nkhawa imeneyo. Ndiye ndikufunsa amene munaphunzira zachuma, kodi zimenezi zinachitikapo kwina kwake? Zikusiyana pati ndi Mtukula Pakhomo? Nanga ndalama zake zimachokera kuti?

Mayankho

— Achimwene kusiyana kwake ndi kosankha. Mtukula Pakhomo anayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo amasankha mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, pafupifupi banja limodzi pa 10 aliwonse. Universal ndiye kuti palibe kaundula wosankha, aliyense ali momo. Amene amaikonda amati imathetsa zija zoti uyu walembedwa uyu wasiyidwa pomwe umphawi wawo ndi umodzi.

— Dziko lonse lathunthu ndi ndalama yokwanira kudya mwezi, ayi sizinachitike, zambiri ndi zoyesa chabe. Ku Namibia anayesa mudzi wa Otjivero mu 2008 ndi 2009, aliyense osakwana zaka 60 amalandira N$100 pamwezi. Finland mu 2017 ndi 2018 anapatsa malova 2,000 ndalama zokwana 560 euro pamwezi, anthuwo anati nkhawa zinachepa koma kumbali yopeza ntchito sizinasinthe kwambiri. Ku Switzerland mu 2016 anachita kuvotera ndipo anthu pafupifupi 77 pa 100 anakana. Yomwe yakhalitsa ndi ya ku Alaska, chigawo cha dziko la America, kuyambira 1982, imachokera ku phindu la mafuta, koma imabwera kamodzi pachaka ndipo munthu sangakhalire yomweyo.

— Ine sindikugwirizana nazo. Munthu ukampatsa ndalama yaulele khasu amaliponya, ina ithera ku kachasu.

— Bambo inu musanatero tawerengani za ku Kenya. Bungwe la GiveDirectly likupereka kwa akuluakulu onse m'midzi ina ya ku Siaya ndi Bomet ndalama pafupifupi $22 pamwezi kudzera pa M-Pesa (njira yotumizira ndalama pa foni), ena adzalandira kwa zaka 12. Ofufuza atapita sanapeze kuti anthu asiya kugwira ntchito kapena mowa wachuluka, ambiri anachoka pa ganyu nkuyamba timabizinesi tawo. Ine ndine mzimayi wa geni, ndikudziwa kuti chimatipha ndi mpamba, ukadziwa kuti pa 30 kubwera kenakake umalimba mtima kuoda tomato wambiri, ngakhale ku banki mkhonde umalowa opanda mantha.

— Vuto ndi masamu basi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni, pano tachuluka. Mupatse aliyense K10,000 yokha, ndi K175 biliyoni mwezi umodzi, pachaka kupitirira K2 thililiyoni, pomwe K10,000 yo olo thumba la chimanga siikwana. Ya ku Kenya ija ndi ndalama za anthu akufuna kwabwino akunja osati misonkho. Ife tilibe mafuta ngati Alaska, ndiye mwina mukweze misonkho, mwina muchotse sabuside ya feteleza, mwina musindikize ndalama, ndipo yosindikizayo ndi yoopsa, mukukumbuka mmene mitengo inathawira kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023.

— Zikomo nonse, ndamva zambiri kuposa mmene ndimayembekezera. Mayi a geni mwandifika pamtima, mayi anga nawo amaphika zitumbuwa koma mpamba umadyedwa ana akadwala. Koma akulu a masamu ndikufunseni, bwanji atayamba ndi agogo okhaokha, aliyense wopitirira zaka 60 osasankha, ngati mmene aliri ma pension a okalamba maiko ena? Imeneyo ingawerengedwebe kuti ndi universal, ndipo ingadye ndalama zingati pa bajeti yathu?